Lole Yoyendera Chimtali

Amene akuti ndikunama aimike dzanja tsopano lino ndimuone, asadzayambe kung'ung'udza nkhani ili pakati. Palibe? Chabwino. Iwe wa chipewa chofiira, tseka foni yakoyo, wandionetsa mokwanira galimoto ya azungu yoyendera magetsi. Mwakhala pamzere uno kuyambira m'mawa ndi tinjinga tanu ta kabaza kudikira petulo amene sakubwera, ndiye mwayamba kundiuza kuti kunja kwatulukira nzeru zatsopano, galimoto yosamwa mafuta, yosatulutsa utsi. Zatsopano kwa yani? Ine Lufeyo Mbewe wa ku Chiosya ndinayendetsa galimoto yotero makolo anu asanadziwane n'komwe, ndipo yangayo sinkafuna ngakhale magetsi anu othimathimawa. Ndikanama, mwendo wabwinowu upuwale ufanane ndi unzakewu.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, masiku amene munthu unkayamba wayang'ana kumbuyo usanatsokomole. Amene ankalamulira dziko sindiwatchula dzina, pakamwa panga panazolowera kungoti Bwana Wamkulu ndipo pakalamba nazo. Ine ndinali ndi lole. Ndinaigula kwa mlimi wina wa fodya ku Mlonyeni itafa kalekale, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala, ndinaidzutsa ndi manja anga awa, n'kuitcha Sataya, chifukwa pa lole imeneyo panalibe chinthu chopita kudzala. Tayala likatha linkasanduka nkhwaila za banja lonse, chubu n'kukhala mphira zomangira katundu, oilo wakuda wotsala ndinkapaka nsanamira za chigafa kuti chiswe chisadye, madzi a mu injini akawira ndinkathiramo masamba a tiyi n'kumwetsa okwera, chimanga chinkapsa chokha pa paipi ya utsi, ndipo utsi womwewo, mukumva, ndinkaukola m'thumba la feteleza n'kukaumitsira fodya wa apongozi anga. Ngakhale kulira kwa hutala sindinkakutaya. Ndinkaliza kamodzi pa Kamwendo m'mawa, phokoso n'kukagunda phiri la Mchinji, n'kudzandipeza madzulo ndikubwerera, anthu n'kumapatuka mumsewu ine osagwira kanthu.

Kenaka mafuta anasowa m'dziko. Osati kusowa kwa masewera mukulira nakoku, ndikunena kusowa kwenikweni, koti wogulitsa petulo pano anayamba kuweta nkhunda m'thanki. Madalaivala anzanga opita ku Zambia ankazimitsa injini pamtsetse n'kumadziona ngati anzeru. Ine ndinkazimitsa ndi pachitunda pomwe. Ndinaphunzitsa Sataya kukhuta ndi fungo lokha: ndinkaviika kansanza m'botolo la petulo, n'kukamangirira kunsonga ya nsungwi kutsogolo kwa injini, lole n'kumakathamangira kansanzako ngati galu woona fupa, mpaka ku boda, mpaka kubwerera, madzulo ine n'kufinyira kansanza kaja m'botolo momwemo, botolo n'kudzaza kuposa mmene linalili m'mawa.

Mabuleki ndinachotsa. Musaseke, ganizani kaye. Liwiro walipeza movutikira, ndiye ulipherenso ndi phazi lako lomwe? Kumeneko ndiye kuwononga. Ndikafuna kuima ndinkangosankha chulu chabwino m'mbali mwa msewu n'kukachigunda mwaulemu, moti chiswe chonse cha pakati pa Chiosya ndi boma chinkandidziwa. Zitsulo za mabulekizo mkazi wanga Nangondo anazisandutsa mafuwa.

Tsoka linabwera ndi mbuzi ya aneba. Inadya kansanza kanga, n'kugubuduza botolo, n'kunyambita petulo yense pansi, ndipo inauyamba ulendo wothamanga umene sinaumalizebe, ena amati anaiona ikudutsa ku Kasungu. Sabata yomweyo, Sataya ali gone pansi pa mtengo wa mango popanda ngakhale fungo loti anunkhize, anatulukira a Gwedeza, tcheyamani wa chipani kudera kwathu, munthu wamfupi wa chipewa cha nthenga, ali ndi anyamata a malaya ofiira pambuyo.

"A Mbewe, Loweruka lino Bwana Wamkulu akubwera ku boma. Lole yanu itenga amayi athu ovina. Akafike pabwalo Bwana asanafike."

Ine ndinati, "Zikomo a Tcheya. Nanga petulo?"

A Gwedeza anati, "Kapena mukufuna kunena kuti m'dziko muno mulibe petulo?"

"Ayi a Tcheya, alimo wambiri."

"Ndiye mukufunsanso chiyani?"

Ndikuuzeni mosabisa, ndinaopa. Inu obadwa dzulo simudziwa mantha amenewo. Ndinali ndi mnzanga Zakeyu, dalaivala wa ku Mlonyeni, munthu woseka ndi aliyense, amene anachedwetsapo amayi ovina chaka chinacho chifukwa tayala linaphulika m'njira. Anyamata a malaya ofiira anadzamutenga kuti akafotokoze bwino. Anapita atavala nkhwaila zimene ndinamudulira ine, ndipo sitinamuonenso, mkazi wake ankangosesa pakhomo m'mawa uliwonse osafunsa munthu. Ndiye nkhani inali poyera. Amayi akachedwa, Lufeyo atsatira Zakeyu, ndipo Nangondo, amene naye anali m'gulu la ovinawo, ayamba kusesa pakhomo chimodzimodzi.

Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ndinakakhala pakhonde la golosale pamene telala wathu ankasokera, mutu uli m'manja, maso ali pansi, ndipo pansi pomwepo ndi pamene ndinaona phazi la telala likuponda chopondera cha makina, kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, kumbuyo, gudumu likuzungulira, singano ikuthamanga, popanda petulo, popanda utsi, popanda tcheyamani. Ndinadzuka ngati wolumidwa ndi linthumbu. Kuseri kwa golosale kunali makina ena akufa amene telala ankamangirirako mbuzi, ndinawapempha, ndinachotsa gudumu lake, ndinamasula matabwa onse a kumbuyo kwa Sataya n'kuwakhazika pa thunthu la bulugama pakatikati kuti azipendama uku ndi uku ngati chopondera chija, ndinadula lamba pa chikopa cha ng'ombe ya amalume imene inafa ndi ukalamba, ndinalumikiza lambayo ku matayala a kumbuyo ndi matcheni a njinga zonse zakufa za m'mudzi mwathu, ndipo injini ndinaitsitsa pansi kuti isamalemere pachabe, Nangondo akhale akusungamo mtedza. Nditakwera ndekha n'kuponda kamodzi, Sataya anasuntha phazi limodzi. Ndinati ngati munthu mmodzi wowonda ngati ine wasuntha lole, nanga amayi odzaza lole akayamba chimtali?

Loweruka m'mawa amayi anabwera atavala zitenje za nkhope ya Bwana Wamkulu, nkhope pachifuwa, nkhope pamsana, nkhope kumutu, moti ukawayang'ana unkakhala ngati wazunguliridwa ndi munthu mmodzi. Anakwera ndi ng'oma zawo. Wowatsogolera anali mayi Nankhoma, mayi wa thupi lake, wezulo ili pakhosi, amene akaponda pansi nkhokwe za m'mudzi zinkagwedera. A Gwedeza anakhala kutsogolo ndi ine. Atasuzumira pamene pankakhala injini anaona udzu wa pansi.

"A Mbewe, injini ili kuti?"

"Yatsogola kale ku boma, a Tcheya, tikaipeza komweko."

Anagwedeza mutu ngati amva, pakuti tcheyamani safunsa kawiri pamaso pa anthu. Ine ndinatulutsa mutu pawindo n'kuuza mayi Nankhoma kuti bwanji aziyeseza gule m'njira kuti akafike miyendo itatentha kale.

Wezulo inalira, ng'oma inayankha, amayi anaponda kumanzere onse pamodzi, matabwa anapendama, lamba anakoka, anaponda kumanja, ndipo Sataya, lole yopanda injini, anatuluka pansi pa mtengo wa mango mwakachetechete ngati mkamwini wothawa kumunda. Mukumva? Kunalibe kulira kwa injini, kunalibe utsi, kunali ng'oma ndi mawu a amayi basi, moti mbalame zinatera pamwamba pa galasi n'kumayenda nafe, ndipo nkhalamba ina imene inkatsokomola lole iliyonse ikadutsa inachira pomwepo n'kutaya ndodo. Magiya anga anali nyimbo. Nyimbo ya chinkhoswe inali giya yoyamba, ya pamtondo inali yachiwiri, pachitunda ndinkakuwa kuti tsitsani chiuno amayi, iwo n'kutsitsa, Sataya n'kukwera chitunda ngati akutsika, ndipo pamtsetse ndinkawauza kuti apume amwe thobwa, chifukwa ngakhale mphamvu ya munthu siyoti uziitaya pamene msewu ukukuthandiza wokha. Tinafika pa tala dzuwa lisanatenthe. Mtima wanga unayamba kukhala pansi, ndinayamba ngakhale kuimba nawo.

Titawoloka mlatho wa Bua, mayi Nankhoma anaona kuti boma layandikira, ndipo anachita chimene mtsogoleri aliyense wa amayi akanachita. Anasiya nyimbo za kumudzi n'kuyambitsa nyimbo yotamanda Bwana Wamkulu.

Abale anga, giya imeneyo sindinkaidziwa. Nyimbo ya chipani munthu sankaivina mwaulesi, chifukwa mnzako ali pambali akukuona, ndiye aliyense ankaponda kuposa mnzake kuti asaoneke wofooka, mnzakeyo n'kuonjezera kuti asapitiriridwe, matabwa anayamba kulira, lamba anatentha mpaka kununkha nyama yootcha, mitengo ya mawaya a telefoni inkadutsa mothithikana ngati mpanda wa bango, fumbi lathu lomwe tinalisiya, chithunzithunzi cha lole chinatopa n'kukhala pansi pa Bua, chinadzafika ku boma mawa lake wapansi, ndipo nyimbo imene amayi ankaimba inkatsalira m'mbuyo moti anthu a m'mbali mwa msewu ankaona lole ikudutsa duu, n'kudzamva nyimbo yake atamaliza kudya. Matayala anakumba tala mizere iwiri yakuya yoti munthu n'kubzalamo mbatata. Nthenga ya pachipewa cha a Gwedeza inabwerera kwa nkhanga imene inachokerako.

Nditaona madenga a ku boma ndinatulutsa mutu n'kukuwa kuti amayi, basi, tafika, lekani! Palibe analeka. Ndinakuwanso. Mayi Nankhoma anandiyang'ana, wezulo ili kukamwa, thukuta lili kamukamu, maso akundiuza kuti andimva bwinobwino, koma mapazi akupondabe. Nyimbo inafika kumapeto, ine ndinati tapulumuka, iwo anaiyambiranso pachiyambi osapuma n'komwe.

Ndinatembenukira kwa a Gwedeza. "A Tcheya, auzeni aleke kuimba, apo ayi sitiima."

Munthu uja anatuwa. "Ine? Ndiuze anthu aleke kutamanda Bwana Wamkulu? Pamaso pa mboni zonsezi? Auzeni ndinu, lole ndi yanu."

"Ndawauza kale kuti aleke."

"Ine sindinamve, ndipo pempherani kuti ndisamve."

Apo ndi pamene ndinazindikira chimene ndinaiwala pomanga makina anga. Nyimbo yotamanda Bwana Wamkulu inali ndi poyambira koma inalibe potsikira. Pamsonkhano inkatha chifukwa Bwana mwiniwake ankakweza dzanja, koma pa lole panalibe dzanja limenelo, ndiye woyamba kutseka pakamwa akanakhala ndani? Mayi aliyense ankayang'ana mnzake, mnzakeyo akuyang'ana mayi Nankhoma, mayi Nankhoma akuyang'ana a Gwedeza, a Gwedeza akuyang'ana kutsogolo n'kumaomba m'manja. Akuluakulu amati ukaipa dziwa nyimbo, koma sanatiuze za nyimbo yoti ukaileka waipa.

Ndinalunjika chulu changa chokhulupirika cha pafupi ndi msika, chimene chinandiimitsa zaka zambiri. Sataya anachidutsa ngati mulu wa gaga, chiswe chinagwa ngati mvula mpaka ku Mlonyeni. Bwalo la msonkhano linali kumanja, mbendera zili petupetu, ana a sukulu atandanda m'mbali zonse za msewu moti pokhotera panalibe, ndipo tinawadutsa onsewo, iwo akuomba m'manja poganiza kuti ndi mbali ya mwambo. Kuthamanga sikufika, anthu inu. Tinafika msanga kuposa aliyense ndipo tinapitirira.

Tsono mukudziwa nonse kumene msewu uwu umapita ukadutsa pa boma. Umapita ku boda. Masiku amenewo ku Zambia ndi kumene ankathawira anthu amene wailesi inkawatcha zigawenga, ndiye taganizani, lole yodzaza amayi a chipani, nkhope ya Bwana Wamkulu ili pathupi ponse, ikutuluka m'dziko tsiku la msonkhano, woyendetsa ndi Lufeyo Mbewe. Zakeyu anangochedwa chabe. Ine akanandifunsa mafunso pamodzi ndi agogo anga omwe ali kumanda. A Gwedeza anayamba kulira, koma akuombabe m'manja.

Ndinaganiza mofulumira kuposa lole. Ndinadzifunsa kuti kwathu kuno n'chiyani chimene chimaletsa nyimbo iliyonse popanda munthu kuimbidwa mlandu, chimene chimatsitsa wokwera njinga, chimatseka wailesi, chimaimitsa ng'oma pakati pa gule, ngakhale tcheyamani n'kuvula chipewa. Chilipo chimodzi chokha. Maliro. Ndinayang'ana uku ndi uku mumsewu ngati pali masamba oikidwa pansi osonyeza kuti m'mudzi mwagwa zovuta, koma tsiku limenelo Mchinji yonse inali ndi moyo, panalibe ndi mmodzi yemwe wotithandiza. Ndiye poti ndine munthu wosadikira za ena, ndinafa ndekha. Ndinatembenuza maso, ndinatulutsa lilime, ndinagwera pa chiwongolero, bondo lokha ndilo linatsala lamoyo kuti liziwongolera.

A Gwedeza anakuwa ndi mawu a chimwemwe amene sindinawamvepo pamaliro alionse, "Dalaivala watisiya! Amayi, zovuta! A Mbewe atisiya!"

Ng'oma inaduka pakati. Mapazi onse anaima nthawi imodzi, panalibe woyamba, panalibe wotsiriza. Sataya anayenda ndi liwiro lotsala, kudutsa njira ya ku Kachebere, kumachepetsa, kumachepetsa, mpaka mphuno yake inakagunda chitsulo chotsekera msewu pa boda mofatsa ngati mwana wogogoda pakhomo la aphunzitsi. Chokhacho chimene chinawoloka ndi chipewa cha a Gwedeza, chinauluka n'kukagwera ku Zambia, ndipo a Gwedeza anachikana pomwepo pamaso pa apolisi kuti sachidziwa ndipo chinali ndi maganizo oipa kuyambira kale.

Anandinyamula n'kundigoneka kumbuyo pa matabwa, anandifunditsa zitenje. Nangondo anadzigwetsa pa ine akulira mokweza, anaika khutu pachifuwa panga, ndipo anamva mtima ukugunda ngati ng'oma ya mganda. Mkazi ameneyo ndi wanzeru. Anakweza kulira, n'kundinong'oneza pansi pa chitenje kuti, "A Mbewe, mukangoyetsemula, ndikumalizani ndine." Amayi anakhala mondizungulira n'kuyamba nyimbo za maliro, zija zapang'onopang'ono, matupi akupendama kutsogolo ndi kumbuyo ndi chisoni. Tsono funsani telala aliyense, adzakuuzani kuti makina opondera ukawaimitsa n'kuwayambanso mosasamala, gudumu limazungulira chobwerera. Sataya anayamba kuyenda chafutambuyo, pang'onopang'ono, matayala akutsata mizere yomwe ija anakumba popita, moti chiwongolero sichinafune munthu, a Gwedeza anangochigwira kuti aoneke.

Sindinaonepo maliro okoma ngati anga. Anyamata ophunzira za unsembe ku Kachebere anaima m'mbali mwa msewu n'kutiimbira m'chinenero chawo, madalaivala a malole a ku Zambia anavula zipewa, amayi a m'midzi anathyola nthambi n'kuika mumsewu, mbiri inathamanga kuposa mmene ife tinathamangira popita, moti tisanafike theka la njira mng'ono wanga anali atafika kale kuchokera ku Chiosya wapansi, akulira ndi diso limodzi, linalo likuyeza matayala a Sataya. Ndinamva anthu akundiyamikira zinthu zimene sindinachitepo. Ndikanatha kukhala wakufa mpaka lero, zinali bwino.

Koma tikuyandikira bwalo la msonkhano, ndinamva kulira kwa njinga zamoto za apolisi kuchokera mbali ya ku Lilongwe. Bwana Wamkulu anali akufika. Magazi anga anazizira zenizeni tsopano. Kuchedwa unali mlandu, kuthawira ku Zambia unali mlandu waukulu, koma kulowa pamsonkhano wa Bwana Wamkulu ndi nyimbo ya maliro, anthu atavala nkhope yake akulira, umenewo unali mlandu umene unalibe ngakhale dzina. Ndipo nyimbo ya maliro nayo ilibe woileka mtembo usanafike kwawo. Nangondo anaona zomwezo. Analowetsa dzanja pansi pa chitenje n'kunditsina pantchafu, kutsina kwake kuja kopotokola, chipsera chilipo, ndikanakuonetsani pakanapanda amayi ogulitsa mandasiwa.

Ndinadzuka ndi mfuu umene unamveka ku Kachebere, zitenje zikulendewera pathupi, lilime ndinali nditaiwala kulibweza.

Amayi sanafunse mafunso. Analumpha pa lole onse nthawi imodzi, mayi Nankhoma patsogolo wezulo ikulira yokha ndi befu, oimba ng'oma akuthawa ng'oma zili m'manja zikugundana ndi mawondo, ndipo poti kothawira kunali kumodzi kokha, analowa pachipata cha bwalo ali pamzere, akulumpha, akukuwa, manja ali m'mwamba, nthawi yomweyo imene Bwana Wamkulu ankatsika m'galimoto yawo. Anthu anaimirira. Nthungululu zinang'amba thambo. Akuti gulu la amayi silinalowepo pabwalo ndi changu chotero chiyambire. Sataya, atatsala wopanda womuvinira, anaima yekha pamthunzi pafupi ndi chipata, pamalo abwino kuposa amene ine ndikanasankha.

Mkulu wina wa chipani wochokera ku likulu anabwera kudzafunsa kuti nanga masamba ali mumsewuwa ndi a chiyani, ndipo munthu wa lilime panjayu ndi ndani. A Gwedeza, mutu uli pamtunda popanda chipewa, anayankha osaphethira kuti, "Bwana, kudera kwathu ngakhale akufa amadzuka kudzalandira Bwana Wamkulu." Anawakweza udindo mwezi womwewo. Ine sananditenge. Madzulo ndinabwerera kwathu ndi Nangondo, ndinagona m'nyumba yanga, ndipo m'mawa pakhomo ndinasesa ndine. Chilango changa chinali chimodzi chokha, chakuti kuyambira chaka chimenecho a Gwedeza ankandigulitsa makadi a chipani awiri, lina la ine wamoyo, lina la malemu.

Iwe wa foni, ndakuona ukufuna kufunsa kuti loleyo ili kuti. Ili kwathu pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikiramo mazira pampando wa dalaivala, lamba uja tinapangira ng'oma, matcheni anabwerera ku njinga, palibe chinatayika. Pita ukaione. Koma ndikuchenjeze, ukakapeza Nangondo pakhomo akakuuza zina. Iye amati Sataya analibe makina a telala alionse, amati petulo anatithera tisanatuluke n'komwe m'mudzi, amayi anatsika n'kuikankha lole kuchokera ku Chiosya mpaka ku boma, dzuwa likuswa mtengo, mapazi akung'ambika pa tala, a Gwedeza ali khale kutsogolo, ndipo amati ine ndinakomoka ndi mantha pa mlatho wa Bua, anachita kundithira thobwa kumaso. Akatero amavula nsapato n'kukuonetsa zidendene. Pa nkhani yonseyi timagwirizana chinthu chimodzi chokha, chakuti njira yonseyo panalibe mayi amene analimba mtima kuyamba kuleka nyimbo.

Koma ndikufunseni inu ophunzira. Munthu wagwira lole ndi manja, mapazi akuponda pamodzi ndi anzake, chiuno chikugwedera, nyimbo ili pakamwa, ameneyo akukankha kapena akuvina? Petulo anapsa? Sanapse. Utsi unatuluka? Sunatuluke. Zakeyu ndinamutsatira? Ndili pano, ndikudya mandasi anu. Ndiye galimoto yako ya pa foniyo ikadzafika ku Mchinji kuno n'kupeza magetsi atathima, usadzavutike, udzapite kwa Nangondo mwaulemu. Nyimbo akuzikumbukira zonse. Kungoti anandiuza kale kuti ulendo winawo iye adzakhala kutsogolo, kumbuyo kudzapita ine.